Mukufuna kudzaulutsa ndege muli ku Chigwa kuno? Yambani ndi kope ndi pensulo

Mwana wa ku Ngabu kapena kwa Tengani akanena kuti akufuna kudzakhala pailoti, akuluakulu amangoti "chabwino mwanawe, limbikira" koma mumtima akuseka, poti chomwe amadziwa nchakuti sukulu zake nzodula komanso zili kutali. Kudula nzoonadi, pamenepo sinditsutsa. Koma gawo lalikulu la maphunziro amenewa silichitikira mumlengalenga ayi, limachitikira pansi pompano ndi buku, kope ndi pensulo, ndipo gawo limeneli mutha kuliyamba lero muli pakhonde ku Nchalo ndi kafoni kanu komweko. Sukulu zophunzitsa kuulutsa ndege zimalipiritsa pa ola, injini ikangolira ndalama zayamba kupita, ndipo nthawi zambiri amakhala ma randi kapena ma dola osati makwacha athuwa. Ndiye amene wafika kumeneko asakudziwa olo kuwerenga altimeter, mita yoonetsa kuti ndege yakwera mmwamba bwanji, amakaphunzirira zimenezo mundege ndalama zikupsa, pomwe mnzake amene adawerengeratu akungozoloweretsa manja ndi maso basi.

Poyamba mudziwe chomwe mukuwerengera. Malamulo akuluakulu a zandege amachokera ku ICAO, bungwe la United Nations lomwe likulu lake lili ku Montreal, lidachokera mu pangano la ku Chicago la 1944 ndipo Malawi ndi membala. Iwo amaika malire ochepetsetsa, dziko lililonse nkumawonjezerapo zake. Laisensi yoyamba ndi PPL, pamafunika zaka 17 zakubadwa ndi maola osachepera 40 mumlengalenga, ku South Africa amafuna 45, ndipo ambiri amapitirira maola amenewa asanakhoze. Ndi PPL mutha kuulutsa kandege kakang'ono, kunyamula abale anu, koma osalandira malipiro. Kuti ikhale ntchito yodyera pamafunika CPL, zaka 18 ndi maola 200, kenako pamwamba penipeni pali ATPL ya makaputeni a ndege zikuluzikulu, zaka 21 ndi maola 1,500. Apailoti athu ambiri adaphunzira kunja, ngakhale Captain Yolanda Kaunda, mayi woyamba mdziko muno kufika pa ukaputeni mu 2016, adaphunzira ku South Africa. Kumeneko mayeso olemba a PPL amakhudza malamulo, nyengo, kayendedwe ka pa mapu, kakonzedwe ka ulendo, kaulukidwe ka ndege, injini ndi zida zake, thupi la munthu komanso wailesi, ndipo kukhoza kwake ndi 75 peresenti, osati 40 kapena 50 tinazolowera ija.

Koma musanagulitsitse bambo ng'ombe zawo, yezetsani thupi kaye. PPL imafuna chiphaso cha dokotala cha Class 2, CPL imafuna Class 1 yomwe ndi yokhwima, ndipo dokotala wake ayenera kukhala wovomerezedwa ndi akuluakulu oona zandege, si aliyense wa pachipatala. Amayeza maso, makutu, mtima, BP, shuga. Magalasi si vuto bola muziona bwino mukavala, koma kusasiyanitsa mtundu wofiira ndi wobiriwira ndi nkhani ina, ndipo anyamata ena ali ndi vutoli osadziwa mpaka atawaonetsa timadontho tamitundumitundu tija tobisa manambala. Ngati cholinga chanu ndi ntchito, ine ndinganene kuti pitani pa Class 1 kuchokera pachiyambi pomwe, kusiyana nkudzamva muli ndi maola 60 olipira kale kuti simungapitirire.

Tsopano mabuku. Boma la America, kudzera ku FAA, bungwe lake loona zandege, limapereka mabuku ake ulere pa webusaiti yake ngati ma PDF, ndipo awiri amene muyenera kudawuniloda usiku bandulo ikatchipa ndi Pilot's Handbook of Aeronautical Knowledge ndi Airplane Flying Handbook. Loyambalo ndi la nzeru zapansi, mmene mapiko amagwirira ntchito, injini, mamita a mundege, nyengo, mapu. Lachiwirilo limafotokoza zochita ndi manja, kukhota, kukwera, kutera. Lilipo lina lawo la nyengo yokhayokha, Aviation Weather Handbook. Onjezeranipo buku la kagwiritsidwe ntchito ka Cessna 172, apailoti amangoti POH, chifukwa sukulu zambiri zimaphunzitsira kandege ka mipando inayi kameneka kapena Piper PA-28. Amene mumamva bwino poonera, yunivesite ya MIT idaika pa YouTube kosi yake yonse ya Private Pilot Ground School, nayo yaulere. Mabuku ogula aliponso, ngati mndandanda wa Air Pilot's Manual wa ku Britain, koma musathamangire kugula, aulerewa ndi okwanira kukutanganitsani miyezi yambiri.

Chenjezo ndi ili, ndipo ndi pamene odziwerengera okha amagwera. Mabuku a FAA adalembedwera munthu wa ku America. Fizikisi yake ndi yomweyo kulikonse, phiko la ku Texas ndi la ku Bangula limamvera lamulo limodzi, koma mitu ya malamulo ndi kagawidwe ka mlengalenga ingoiwerengani kuti mudziwe, musailoweze pamtima, malamulo mudzaloweze a dziko limene mukalembereko mayeso. Miyezo nayonso ndi yosiyana. Iwo kulemera kwa mpweya amayeza ndi mainchi, 29.92, ife kuno ndi ma hectopascal, 1013. Iwo mafuta ndi ma galoni ndi ma paundi, ife malita ndi ma kilo, galoni yawo ndi malita 3.785. Musaone ngati nzamasewera, mu 1983 Boeing 767 ya Air Canada idathera mafuta mumlengalenga chifukwa anthu adasokoneza ma paundi ndi ma kilo powerengetsera, mwamwayi apailoti adaitsetsereka nayo mpaka kukatera pa bwalo lakale la Gimli popanda womwalira. Chinanso, ife tili kummwera kwa equator ndipo zinthu zina zimatembenuka. Buku lawo likuuzani kuti mphepo imazungulira malo a low pressure, pomwe mpweya wapepuka kuposa mmbali mwake, motsutsana ndi kayendedwe ka wotchi, kwathu kuno imazungulira ngati wotchi, onaninso zithunzi za setilaiti za namondwe wa Freddy wa 2023 muona nokha. Kunama kwa kampasi ndege ikamakhota kapena kuwonjezera liwiro nakonso nkotembenuka. Mukaloweza za kumpoto nkukalemba mayeso ku Joni, funso limenelo mwaliphonya.

Mutu woyamba kuugwira bwino ndi wakuti ndege imauluka bwanji. Mphamvu zake ndi zinayi, yonyamula yochokera ku mapiko, kulemera kokokera pansi, kukoka kwa pulopela, ndi mpweya umene umakaniza ndege kupita kutsogolo. Izi aliyense amazimva tsiku limodzi. Chofunika kukhalapo nthawi ndi angle of attack, kutanthauza mmene phiko lapendekekera poyerekeza ndi mpweya umene ukubwera kudzaliomba. Mukamaipendeketsa kwambiri mphamvu yonyamula imakula, imakulabe, mpaka penapake pa madigiri 15 kapena 16 pamene mpweya umalephera kutsatira msana wa phiko nkuyamba kusokonekera, mphamvu ija nkugwa mwadzidzidzi. Imeneyo ndiye stall. Ambiri akamva stall amaganiza kuti injini yazima ngati ya minibasi pa mtunda wa Thabwa, ayi, injini itha kumalira bwinobwino koma phiko lasiya kunyamula, ndipo zitha kuchitika pa liwiro lililonse, makamaka munthu akakhota mothina ali pafupi ndi pansi pokonzekera kutera. Mankhwala ake ndi kutsitsa mphuno ya ndege, chinthu chomwe thupi limakana kuchita pamene pansi pakuyandikira, nchifukwa chake mutu uyenera kuzimvetsa kalekale manja asanakumane nazo.

Pa nkhani yotsatirayi anthu a ku Chigwa tili ndi mwayi, chifukwa chomwe ena amangowerenga ife timachimva pakhungu mwezi wa October. Mabuku onse a zandege amawerengetsera kuchokera pa mpweya wongoyerekeza umene amautcha ISA, akuti pa mlingo wa nyanja yamchere kutentha ndi madigiri 15, kulemera kwa mpweya 1013, ndipo mukakwera mafiti 1,000 alionse kumazizira ndi madigiri pafupifupi 2. Manambala a mu POH, kutalika kwa mtunda wothamanga ndege isananyamuke, liwiro lokwerera, amayambira pamenepo. Koma mpweya ukatentha umapepuka, timagawo take timatalikirana, ndiye phiko limapeza wochepa woti ligwire, pulopela chimodzimodzi, injini nayo imapuma wochepa nkuchepa mphamvu. Ndege imamva ngati ili pamwamba pa phiri chikhalirecho ili pansi. Apailoti amati density altitude, ndipo masamu ake achidule ndi osavuta, pa digiri iliyonse yoposa ya ISA mumawonjezera mafiti 120.

Tiyeni tiyese ndi kwathu. Nchalo ndi Nsanje zili pansi zedi, sizifika ndi mamita 100 omwe kuchokera pa mlingo wa nyanja, tingoti mafiti 200. Masana a October kwatentha madigiri 42, zomwe sizachilendo kuno. Chotsani 15 pa 42 mutsala ndi 27, chulukitsani ndi 120 mupeza 3,240, kuphatikiza 200 ija ndi mafiti 3,440. Bwalo la Chileka lili pa mafiti 2,555. Ndiye kuti kandege konyamuka ku Nchalo masana amenewo kakuvutika kuposa mmene kakanavutikira pa Chileka tsiku lozizira bwino, ngakhale ife tili kunsi kwa phiri. Ku Chileka komweko kukatentha madigiri 32, ISA ya kumeneko ndi pafupifupi 10, kusiyana ndi 22, ndege imamva ngati ili pa mafiti oposa 5,000. Zotsatira zake imathamanga mtunda wautali isanadzuke ndipo ikadzuka imakwera mwaulesi, mitengo ya kumapeto kwa bwalo ikuyandikira. Nchimodzi mwa zifukwa zomwe ndege zopopera mankhwala mminda ikuluikulu zimakondera mmawa, kukadali kozizira komanso mphepo isanadzuke. Tengani POH ija, tsegulani pa tebulo la kunyamuka, muziikamo kutentha kwa tsiku lililonse nkumaona mmene manambala akusinthira. Mukachita zimenezi kwa sabata zingapo mutu umenewu simudzaufunanso mphunzitsi.

Chodabwitsa china cha injini. Tindege tambiri tophunzirira tili ndi kabuleta, ndipo mkati mwake mpweya umazizira kwambiri chifukwa chothamanga pamalo opanikizika komanso mafuta akamasanduka nthunzi, mpaka ayisi amatha kupangika nkutseka njira ya mpweya. Munthu wa ku Chikwawa anganene kuti ayisi kuno achokera kuti, koma buku la FAA likuti zitha kuchitika ngakhale kunja kuli madigiri 38 bola mpweya uli ndi chinyontho, ndipo chinyontho cha ku Elephant Marsh nthawi yadzinja mukuchidziwa. Nchifukwa chake mundege muli kachitsulo kolowetsera mpweya wotentha mu kabuleta. Mudzawerenganso kuti injini zimenezi zili ndi ma magneto awiri, tizipangizo topangira moto wa ma pulagi, ndi ma pulagi awiri pa silinda iliyonse, moti batire litafa injini imalirabe, komanso kuti mafuta ake, avgas 100LL, ndi abuluu ndipo pailoti amachotsako pang'ono mkabotolo asananyamuke kuti aone ngati mulibe madzi. Amene mumakonza njinga zamoto za kabaza mutu wa injini muudutsa mothamanga.

Nyengo ndiye mutu waukulu kuposa yonse, ndipo ndi umene ndingakulangizeni kuupatsa nthawi yambiri. Yambani ndi kuwerenga METAR, lipoti lachidule la nyengo ya pa bwalo la ndege. Bwalo lililonse lili ndi dzina la zilembo zinayi, Chileka ndi FWCL, la Kamuzu ku Lilongwe ndi FWKI, mukalemba zimenezi pa webusaiti ya aviationweather.gov mumaona lipoti likakhalapo, ndipo silidya bandulo poti ndi mzere umodzi wokha. Mwachitsanzo mutha kupeza chonchi, FWCL 150600Z 12008KT 9999 SCT025 24/18 Q1018. Poyamba zimaoneka ngati nambala ya vocha ya mayunitsi, koma taonani. Ndi tsiku la 15, nthawi 06:00 ya UTC, wotchi imodzi yomwe a zandege dziko lonse amayendera, ife timawonjezera maola 2 ndiye ndi 8 koloko mmawa. Mphepo ikuchokera ku madigiri 120, chakummwera cha kummawa, pa liwiro la ma knot 8, knot imodzi ndi makilomita pafupifupi 2 pa ola. Ma 9 anayiwo akuti maso akuona makilomita 10 kapena kupitirira. Mitambo ndi yapatalipatali pa mafiti 2,500 kuchokera pa bwalo. Kutentha ndi 24 ndipo mpweya utazizira kufika 18 chinyontho chiyamba kusanduka madontho, manambala awiriwa akayandikana yembekezerani nkhungu kapena mitambo yotsika, ndipo kusiyana kwawo mukakuchulukitsa ndi 400 mumapeza pafupifupi pamene mitambo ikuyambira, apa 6 kuchulukitsa 400 ndi 2,400, mwaona kuti zikugwirizana eti. Chomalizacho, Q1018, ndi nambala yomwe pailoti amaika mu altimeter kuti imuuze zoona. Hectopascal imodzi ndi mafiti pafupifupi 30, ndiye kulakwitsa ndi 10 ndi mafiti 300, ndipo pafupi ndi mapiri a Thyolo mafiti 300 si ochepa.

Werengani lipotilo mmawa uliwonse nkulemba mkope, kenako tulukani muyang'ane kumapiri. Miyezi ya June ndi July muona chiperoni chitaphimba kumtunda konse, Thyolo ndi Blantyre kuli mvula yowaza ndi nkhungu pamene kuno dzuwa likuwala, ndiye muzidzifunsa kuti pailoti wongodalira maso atanyamuka ku Nsanje kukuwala angakatere bwanji ku Chileka. September ndi October kumakhala utsi wa moto wa mtchire ndi fumbi, kumwamba kulibe mtambo koma kutsogolo sikuoneka. Akamvuluvulu a masana aja ndi mpweya wotentha ukukwera, womwewo umene umagwedeza tindege tating'ono. Ikafika November yang'anirani mtambo umodzi kuyambira uli kakang'ono mpaka utakula nkuphwatalala pamwamba, umenewo ndi cumulonimbus, umafuna zinthu zitatu, chinyontho, mpweya wosakhazikika ndi chinthu choukankhira mmwamba ngati kutentha kapena phiri. Mphepo yozizira ija imabwera ndi fumbi mvula isanagwe, amayi nkumathamangira kuanula mapira, ndi mpweya umene mtambowo ukulavulira pansi, ndipo ndege yomwe ikutera ikakumana nawo itha kukanikizidwira pansi. A FAA amalangiza kuulambalala mtambo woopsa wotere ndi mamailosi 20. Dziko lino likudziwa kuwawa kwa nkhani ya nyengo, ndege imene idagwa ku Chikangawa pa 10 June 2024, yomwe idapha wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko Dr Saulos Chilima ndi anthu ena asanu ndi atatu, inkauluka mu nyengo yoipa ya mitambo yotsika pamwamba pa mapiri.

Pomwepa werenganinso mutu wa thupi la munthu. Mkati mwa khutu muli tizigawo tomwe timauza ubongo kuti wapendekeka kapena waongoka, koma timanamizika mosavuta. Mukalowa mumtambo osaona pansi, thupi litha kukuuzani kuti muli bwinobwino ndege ikukhota nkumatsika, ndipo pailoti wosaphunzira kudalira mamita amataya ndege nthawi yochepa. Pamwamba pa mafiti 10,000 okosijeni amayamba kuperewera munthu nkumaganiza mochedwa iye akumva kukoma. Mowa lamulo la maiko ambiri limati padutse maola osachepera 8. Ife a kuno tiwonjezerepo malungo ndi ludzu, munthu amene wangodzuka kumene pa malungo kapena akumwa mankhwala ena alibe chochita pa mpando wa pailoti dokotala asanamulole.

Mutu wa mapu ndi wokoma kwa amene masamu ndi jogalafe zinkawayendera ku MSCE. Mtunda amayeza ndi nautical mile, mamita 1,852, ndipo knot ndi nautical mile imodzi pa ola. Ubwino wake ngwakuti miniti imodzi ya latitude pa mapu ndi nautical mile imodzi, moti ndi mapu ndi rula mutha kuyeza nokha kuti kuchoka ku Chileka kufika ku Nsanje molunjika ndi pafupifupi 75. Pa liwiro la ma knot 100 ndi mphindi 45. Tsopano tiyerekeze kuti mwera ukuomba ma knot 20 kuchokera kutsogolo kwenikweni, pansi mukuyenda 80 ndiye popita ndi mphindi 56, pobwerera mukuyenda 120 ndi mphindi 38, zonse pamodzi 94 osati 90. Mphepo imakulandani zambiri kuposa zomwe imakubwezerani, chifukwa mumakhala nthawi yaitali mbali yomwe ikukuvutitsani, ndipo mafuta amawerengetsedwa pa nthawi osati pa mtunda. Ikachokera mmbali ndiye mukumbukire wopalasa bwato powoloka Shire, salozetsa mphuno ya bwato pa doko lomwe akupita, amalozetsa chakumtunda kuti madzi akamamukoka akafike pamalo pake, ndege imachitanso chimodzimodzi ndi mphepo. Pali kalamulo kotchedwa 1 in 60, mukasempha ndi digiri imodzi, pakutha pa ma nautical mile 60 mwasochera ndi imodzi. Kusempha ndi madigiri 5 chakummawa pa ulendo wa ku Nsanje uja ndiye kuti mwina mwaoloka kale Shire muli mumlengalenga mwa Mozambique opanda chilolezo, pajatu kuyambira ku Chiromo kutsika mtsinjewo ndi malire. Masamu onsewa amachitidwa ndi kachipangizo kozungulira kotchedwa E6B kapena CRP, kosafuna batire, ndipo pa intaneti pali tina tosindikiza pa pepala nkudula ndi sizasi. GPS ilipo inde, koma pa mayeso akufunani ndi mapu, wotchi ndi kampasi. Ngakhale manambala akuluakulu olembedwa kumapeto kwa runway, msewu wonyamukira ndi kuterapo ndege, ndi a kampasi omwewo atachotsedwa ziro, ya ku Chileka ndi 10 mbali ina 28 mbali inayo, kutanthauza madigiri 100 ndi 280.

Chingerezi cha pa wailesi musachipeputse ngakhale mudakhoza ndi 1 ku MSCE. ICAO imafuna Level 4 pa milingo isanu ndi umodzi, ndipo sayang'ana kuti mukuyankhula ngati mzungu, amayang'ana kuti mukumveka komanso mukumva msanga zinthu zikasokonekera. Lowezani zilembo zawo, Alfa, Bravo, Charlie mpaka Zulu, muziwerenga nazo manambala a magalimoto odutsa pa msewu wa M1. Ndege za ku Malawi zimayamba ndi 7Q, za ku South Africa zambiri ZS. Lamulo lofunika limene wapatsidwa umalibwereza kuti wa ku nsanja yowongolera ndege atsimikize kuti wamva. Zimenezi zidakhwimitsidwa pambuyo pa ngozi ya ku Tenerife ya 1977 pamene ma Boeing 747 awiri adaombana pa runway mu nkhungu nkupha anthu 583, kusamvana pa wailesi kuli mgulu la zifukwa zake. Ife oyankhula Chichewa ndi Chisena tili ndi kavuto kathu, l ndi r timangozisakaniza mmene tafunira, kunyumba palibe amene amadandaula koma pa wailesi right ndi light ndi zinthu ziwiri. Dzijambuleni pa foni mukuwerenga nkumadzimvetsera. Webusaiti ya LiveATC imaulutsa zokambirana zenizeni za mabwalo ena, sabata yoyamba simumva kanthu, pitirizani basi khutu limatseguka lokha. Manambala angozi nawo alowe mmutu, 121.5 pa wailesi, 7700 pa transponder, kachipangizo kozindikiritsa ndege kwa a ku nsanja, ndi 7600 pa transponder pomwepo wailesi ikafa.

Za ma simulator, mapulogalamu a pa kompyuta oyeserera kuulutsa ndege, ndili ndi maganizo awiri. FlightGear ndi yaulere, X-Plane ndi Microsoft Flight Simulator nzogula ndipo zimafuna laputopu yamphamvu ndi magetsi odalirika, zinthu zomwe kuno sizibwera pamodzi kawirikawiri. Zimathandiza kudziwa mamita, kutsatira checklist, mndandanda wa zoyenera kuchita motsatana, ndi kuyeserera mapu. Koma maola ake salowa mu logbook, buku lolembamo maola amene mwauluka, ndipo aphunzitsi ambiri amadandaula kuti wozolowera kompyuta amangoyang'ana mamita mmalo moyang'ana kunja, komwe wophunzira PPL ayenera kuikako maso nthawi yambiri. Ngati mulibe laputopu musadandaule nkomwe. Sindikizani chithunzi cha kutsogolo kwa Cessna 172, chimateni pa khoma, khalani pa mpando nkumakhudza batani lililonse motsatira checklist mukuyankhula mokweza, ophunzira enieni amachita zomwezo madzulo kuchipinda kwawo. Achibale aziti mwapenga, asiyeni.

Mafunso akale a mayeso amapezeka ambiri pa intaneti ndi mmagulu a WhatsApp, ndipo chiyeso chake ndi kuloweza mayankho ngati mmene ena amachitira ndi mapepala a MANEB. Asungeni kumapeto. Werengani mutu, tsekani foni, lembani mkope mmawu anuanu, olo mu Chisena kapena Chimang'anja, kenako mufotokozere mng'ono wanu wa Fomu 2, pamene mwakakamira pofotokoza ndi pamene simunamvetse. Ola limodzi mmamawa kusanatenthe limaposa maola anayi amasana mutu ukuwira. Amene masamu adakuvutani bwererani ku buku la Fomu 3 pa tizigawo, ma peresenti ndi ma triangle, zoposa pamenepo PPL sifuna.

Ndalama za sukulu zikachedwa, zomwe mwawerengazi sizipita pachabe. African Drone and Data Academy, yomwe idatsegulidwa mu 2020 ndi thandizo la UNICEF mogwirizana ndi yunivesite ya MUST ya ku Thyolo ndi Virginia Tech, imaphunzitsa achinyamata za ma drone, ndipo nyengo, mapu ndi malamulo a mlengalenga ndi mitu yomweyi. Kuno kumene madzi amatizinga chaka ndi chaka, kwa Makhanga nkumafikako pa boti kapena helikopita yokha, ntchito yojambula mapu a madzi osefukira ndi yeniyeni. Palinso uinjiniya wa ndege, ntchito ya ku nsanja yowongolera ndege, zanyengo, komanso njira ya usilikali kwa amene angakwanitse.

Tsiku lomwe mwasankha dziko lokaphunzirako ndi pamene mugule mabuku a malamulo ndi mafunso a dziko limenelo, osati kale. Funsani sukuluyo nambala ya chilolezo chake nkukaitsimikiza pa webusaiti ya bungwe loona zandege la dzikolo, ku South Africa ndi SACAA. Funsaninso a Civil Aviation kuno kwathu kuti laisensi ya kumeneko amaisintha bwanji kuti igwire ntchito pa ndege za 7Q, poti nthawi zambiri pamakhala mayeso ena a malamulo a kuno. Ndalama muzilipira pang'onopang'ono molingana ndi maola amene mwauluka, sukulu zina zidatsekapo ndalama za ophunzira zili mkati. Ndipo uthenga uliwonse wa pa Facebook wolonjeza sikolashipu ya upailoti koma nkumati muyambe mwatumiza kangachepe pa foni kuti akusungireni malo, ufufuteni pompo.